Namwino akalozedwa chala pa mlandu umene si wake

Chipatala chachikulu cha m'boma la Nkhata Bay chili ku Mkondezi, kunja pang'ono kwa tauni ya padoko, ndipo odwala ake amachokera kutali. Ena amabwera pa msewu wa M5 kuchokera ku Chintheche ndi Tukombo, ena pa boti kapena pa sitima ya Ilala kuchokera ku Usisya ndi Ruarwe. Munthu amafika usiku ali lefu, amadutsa m'manja mwa anthu ovala yunifolomu angapo, ndipo sagwira dzina la aliyense. Zinthu zikalakwika, abale amayamba ndi funso limodzi: "Anali ndani pa ntchito?" Yankho limene amapatsidwa pakhonde la wodi kapena pa WhatsApp silikhala loona nthawi zonse.

Kodi anamwino amayang'aniridwa ndi ndani, ndipo zimene zimasungidwa zokhudza iwo ndi zotani?

Amayang'aniridwa ndi bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, limene likulu lake lili ku Lilongwe. Lidakhazikitsidwa mu 1966 ndipo lamulo limene likuyendera masiku ano ndi la 1995. Ndilo limavomereza sukulu zosula anamwino ndi azamba, monga za ku Ekwendeni, St John's ndi Mzuzu University kumpoto kuno, limalembetsa mayeso a chiphaso, limasunga kaundula, komanso limalanga ophwanya mwambo wa ntchito. Namwino aliyense ali ndi nambala yakeyake m'kaundulamo. Polembetsa amapereka maina ake, maphunziro ake ndi keyala yomupezera, ndipo chaka ndi chaka amalipira kuti chiphaso chake chikhalebe ndi mphamvu.

Anthu ambiri amasokoneza bungweli ndi National Organisation of Nurses and Midwives, chonsecho ili ndi la anamwino eni ake, lowamenyera nkhondo pa malipiro ndi pa mavuto a pa ntchito. Sililanda chiphaso cha munthu. Madokotala, ma clinical officer ndi ma medical assistant nawo ali ndi kwawo, ku Medical Council of Malawi, pansi pa lamulo la 1987. Dandaulo lokhudza clinical officer likatumizidwa ku bungwe la anamwino limangozungulira pachabe.

Zimatheka bwanji kuti dandaulo kapena mlandu ugwere namwino wosalakwa?

Njira zake n'zambiri, ndipo zambiri mwa izo sizifuna munthu wa njiru. Choyamba ndi maina. Mwa a Banda, a Phiri, a Chirwa, a Mhone ndi a Manda a m'boma lino, anthu awiri a dzina limodzi ndi mfunda umodzi amatha kugwira ntchito pa chipatala chimodzi, mwinanso wodi imodzi. Namwino wamkazi akakwatiwa, odwala amamudziwa ndi dzina la mwamuna wake pomwe pa chiphaso pali dzina la bambo ake.

Chachiwiri ndi kuchuluka kwa manja amene amagwira wodwala mmodzi. Mayi wobwera kudzachira amatha kuyezedwa koyamba pa chipatala chaching'ono cha ku Mzenga kapena Mpamba, kunyamulidwa pa ambulansi, kulandiridwa ndi mzamba wa usiku, kuonedwa ndi clinical officer, kenaka kusamalidwa ndi wa m'mawa. Pakatipa pali ophunzira amene abwera kudzayeserera ntchito, ndi othandiza m'wodi amene si anamwino konse. Kwa gadiyani wogona pansi pa bedi, onsewa ndi "anesi" kapena "adokotala". Amene amamukumbuka kawirikawiri ndi uja adalankhula naye komaliza, kapena uja adamuuza uthenga wa imfa, ngakhale kuti iyeyo adalowa ntchito zonse zitachitika kale.

Ndiye pali mashifiti. Anamwino amasinthana masiku pakati pawo, wina akakhala ndi maliro kapena mwana akadwala, ndipo chifukwa cha kuchepa kwa antchito ambiri amagwira lokamu pa wodi imene si yawo. Ngati kusinthanako kudangothera pakamwa, ndandanda ya pakhoma imaonetsabe dzina la munthu amene usiku umenewo anali kwawo ku Kande.

Wodwala akavulala pa chipatala cha boma, kodi amene amalipira chipukuta misozi ndi namwino?

Kawirikawiri ayi. Lamulo limati wolemba ntchito amasenza zolakwa zimene wantchito wake wachita ali pa ntchito. Ndiye chifukwa chake milandu yofuna chipukuta misozi kuchokera ku zipatala za boma imalembedwa m'dzina la loya wamkulu wa boma, Attorney General, ndipo wosumayo amayenera kupereka chidziwitso cha miyezi 3 asanakasume. Ngati chipatala ndi cha mpingo pansi pa bungwe la CHAM kapena cha munthu, osumiridwa amakhala eni ake a chipatalacho. Milandu ikuluikulu yotere ya ku Nkhata Bay imakamvedwa ku High Court ya ku Mzuzu, mtunda wa makilomita pafupifupi 50. Namwino amaitanidwa ngati mboni, ngakhale kuti loya wa wosuma akhoza kuwonjezera dzina lake pa mndandanda wa osumiridwa.

Mlandu wa kupolisi ndiye wosiyana. Malamulo a milandu ya upandu ali ndi ndime zokhudza kupereka chithandizo mosasamala mpaka kuika moyo wa munthu pachiswe, komanso kupha munthu mosakonzekera, ndipo pamenepo aliyense amayankha yekha. Ndi mmenenso zilili ndi kuba mankhwala a boma. Ngakhale zili choncho, gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati woganiziridwa ndi wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa, ali ndi ufulu wokhala chete ndi wopeza loya, ndipo ayenera kuonekera m'khoti pasanathe maola 48 atamangidwa, kupatula pamene nthawiyo yathera pa tsiku limene khoti silikhala.

Chisamani chafika, koma namwino akudziwa kuti nkhaniyo si yake. Angochiponya m'kabati?

Apa ndi pamene anthu osalakwa amapwetekera. Khoti silidziwa kuti pali a Chirwa awiri pokhapokha wina ataliuza. Pa chisamani pamalembedwa masiku oti munthu ayankhe, ndipo akadutsa popanda yankho, wosuma amatha kupempha chigamulo mbali inayo isanamvedwe. Chotsatira chake ndi masherifu pakhomo, kudzatenga mipando ndi firiji, kapena lamulo lodula malipiro. Chigamulo chotere chimatheka kuchithetsa, koma zimadya ndalama ndi maulendo a ku Mzuzu amene kalata imodzi ya tsiku loyamba ikadapewetsa.

Choyenera ndi kulemba tsiku limene chisamani chalandiridwa, kuchijambula, ndi kupita nacho tsiku lomwelo kwa mkulu wa anamwino m'boma kapena kwa woyendetsa chipatala, chifukwa ngati nkhaniyo ndi ya pa ntchito, wolemba ntchito ayenera kuidziwa ndi kuitumiza kwa maloya ake. Membala wa National Organisation of Nurses and Midwives adziwitsenso atsogoleri ake. Wosowa ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau, imene ili ndi ofesi ku Mzuzu.

Sikuti zisamani zonse zimakhudza odwala. Anamwino, monga antchito ena a boma, ndi makasitomala okondedwa a makampani obwereketsa ndalama, ndipo ngongole ya wina wa dzina lofanana imatha kusochera. Apa chothandiza ndi nambala ya chitupa cha unzika, chimene National Registration Bureau idalembera anthu oposa 9 miliyoni mu 2017: maina amafanana koma nambalayo siifanana. Ndipo wina akaimba foni kuti ndi wa ku khoti kapena ku bungwe la anamwino, nati mlandu utha ndalama ikatumizidwa pa Airtel Money kapena Mpamba, imeneyo ndi mbava. Mlandu weniweni umabwera pa pepala lokhala ndi nambala ya mlandu ndi chidindo, ndipo aliyense akhoza kukatsimikiza kwa kalaliki wa khotilo.

Nanga angatsimikize bwanji kuti sanali iye?

Ndi mapepala omwe aja amene anamwino amadandaula kuti amawadyera nthawi. Ndandanda ya mashifiti, buku la malipoti limene amalemba posinthana, fayilo ya wodwala, pepala lolondolozera mmene mayi akuyendera pobereka, kaundula wa mankhwala oopsa amene amasainidwa ndi anthu awiri, mafomu a lokamu, kalata ya tchuthi, ngakhalenso kabuku ka kuchipatala kamene wodwala amasunga yekha. Pa zonsezi pamakhala tsiku, nthawi ndi siginecha.

Vuto ndi lakuti siginecha zambiri ndi mkwasa chabe umene mwini wake yekha ndiye angauwerenge. Namwino wolemba dzina lake momveka ndi nthawi yeniyeni pa chilichonse chimene wachita amakhala atadzikonzera mboni. Wosinthana shifiti alembetse kwa sisitala woyang'anira wodi. Wopempha ambulansi, magazi kapena clinical officer koma osabwera, alembe nthawi imene adapempha, poti milandu yambiri imene imaoneka ngati ya munthu mmodzi imapezeka kuti gwero lake ndi kusowa kwa mafuta a galimoto kapena zipangizo.

Chinthu chimodzi choletsedwa ndi kubwerera ku fayilo nkhani itabuka kale n'kukawonjezera kapena kufufuta mawu. Wochita zimenezi amasandutsa mlandu wonama kukhala weniweni.

Dandaulo likafika ku bungwe la ku Lilongwe, kodi chiphaso chimalandidwa pompo?

Ayi, dandaulo si chigamulo. Bungweli limafufuza, limamva mbali zonse, ndipo likapeza munthu wolakwa limasankha pakati pa kumuchenjeza, kumuimitsa kwa kanthawi kapena kumufufuta m'kaundula. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko limamanga bungwe lililonse la boma kuti lichite zinthu motsata chilungamo ndi kupereka zifukwa polemba pamene ufulu wa munthu wakhudzidwa. Wosakhutira akhoza kupempha High Court kuti iunikenso chigamulocho, ndipo pempho lotere limafunika msanga, isanathe miyezi 3.

Wolemba ntchito ali ndi njira yake yapadera. Akhoza kumuimitsa kaye namwino pofufuza, koma lamulo la Employment Act la 2000 sililola kuchotsa munthu chifukwa cha khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito asanapatsidwe mpata wodziteteza. Wochotsedwa mopanda chilungamo ali ndi Industrial Relations Court.

Pali chifukwa china chosalekerera dandaulo lonama kuti lizingogona m'fayilo. Namwino wofuna ntchito ku Britain, ku South Africa kapena kwina kulikonse amafunika kalata yochokera ku bungwe la kwawo yotsimikiza kuti mbiri yake ndi yoyera. Nkhani yosatsekedwa imadzatulukira pamenepo, patapita zaka. Woyeretsedwa apemphe kalata yonena zimenezo ndipo aisunge pamodzi ndi satifiketi yake.

Kodi munthu wamba angapite ku bungweli n'kukatenga keyala ya namwino?

Pali mafunso awiri amene anthu amawaphatikiza. Kufunsa ngati wakutiwakuti alidi m'kaundula ndi chinthu choyenera, ndipo ndicho cholinga cha kaundulayo: eni kiliniki asanalembe munthu ntchito, kapena mudzi umene ukukayikira wina wobaya jakisoni kuseri kwa golosale, ayenera kudziwa. Kufunsa kumene namwino amagona ndi nkhani ina.

Ena amaganiza kuti lamulo la Access to Information, limene lidayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, lidatsekula makabati onse a boma. Lamuloli limapatsadi nzika mphamvu yopempha uthenga ndi kuyankhidwa m'masiku 15 a ntchito, koma lomwelo limateteza zinsinsi za munthu wina amene sakukhudzidwa ndi pempholo. Gawo 21 la malamulo aakulu limapatsa aliyense ufulu wosungiridwa chinsinsi. Pamwamba pa izi padabwera Data Protection Act ya 2024, imene woyang'anira wake ndi bungwe la MACRA. Mfundo yake ndi yakuti zimene munthu wapereka pa cholinga china zisagwiritsidwe ntchito pa cholinga chosiyana popanda chifukwa cha lamulo, ndipo mwini wake ali ndi ufulu woona zimene zasungidwa, wokonzetsa zolakwika ndi wokadandaula. Khoti kapena apolisi ofufuza mlandu ndi amene angafune zambiri, potsata njira zawo. Wosuma safunikanso kudziwa nyumba ya namwino, popeza chisamani akhoza kumupatsira ku ntchito.

Maiko ena adagawa chimodzimodzi. Kaundula wa anamwino wa ku Britain ali pa intaneti, aliyense akhoza kulemba dzina kapena nambala n'kuona ngati chiphaso chili bwino, koma keyala ya kunyumba siioneka. Koma m'zigawo zina za ku America keyala imene munthu wapereka ku bungwe imatha kuonedwa ndi anthu, ndipo anamwino kumeneko amalangizana kulembetsa bokosi la ku positi ofesi. Kuno ambiri amachita kale zimenezo mosaganizira, polemba bokosi la chipatala.

Msampha uli kwina. Namwino akasamutsidwa kuchoka ku Usisya kupita ku Chintheche, kapena kutuluka m'boma lino, osadziwitsa bungwe, kalata yomuitana kuti adzayankhe dandaulo imakagona m'bokosi lakale. Iye amadzamva nkhani itapita patali. Keyala yachikale imapweteka namwino kuposa keyala yodziwika.

Ngati kaundula ndi wotetezedwa, bwanji anthu okwiya amafikabe pakhomo pa namwino?

Chifukwa safunika kaundula. Pa zipatala zing'onozing'ono nyumba za antchito zimakhala pa mpanda womwewo, ndipo ngakhale mwana wa sukulu akhoza kuloza khomo la azamba. M'tauni ya Nkhata Bay, wakabaza amene amanyamula namwino m'mawa amadziwa njira yonse. Kuyandikanaku kuli ndi ubwino wake, poti mayi wofika pakati pa usiku amangogogoda, koma tsiku la mphekesera kumasanduka ngozi.

Dziko lino lidaziona. Mu 2017 mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo zidaphetsa anthu, ndipo azaumoyo ena adachitidwa chipongwe chifukwa chonyamula zipangizo zoyezera odwala. Pa mliri wa kolera, umene udakantha kwambiri Nkhata Bay kuyambira mu August 2022, mkwiyo wotere udabukanso m'madera ena: mu February 2023 anthu adaphwanya zipatala za Nandumbo ku Balaka ndi Area 25 ku Lilongwe. Onsewa sadapemphe fayilo kwa aliyense. Chitetezo cha namwino wa kumudzi chili m'manja mwa komiti ya chipatala, mafumu, apolisi a m'dera ndi akuluakulu a zaumoyo amene ayenera kumusamutsa msanga zinthu zikayamba kununkha. Namwino amene waopsezedwa akalembetse kupolisi tsiku lomwelo ndi kusunga mauthenga onse a pa foni.

Wina waika chithunzi ndi dzina la namwino pa Facebook kuti ndiye adapha wodwala. Lamulo likuti chiyani?

Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 imaletsa kuzunza, kuopseza ndi kulondalonda munthu kudzera pa intaneti, ndipo imeneyi ndi milandu ya kupolisi. Kuipitsa mbiri pakokha kudasiya kukhala mlandu womangitsa munthu mu July 2025, pamene oweruza a High Court adagamula kuti gawo 200 la Penal Code likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Ena adamva ngati tsopano aliyense anene zimene akufuna. Sizili choncho: woipitsidwa mbiri akhozabe kusuma kuti alipidwe ndi kuti zolembazo zichotsedwe, ndipo wongotumiza uthengawo ku gulu lina nayenso amawerengedwa kuti waufalitsa.

Namwino yekha ndiye ali ndi manja omangika. Sangayankhe pofotokoza matenda a wodwalayo, ngakhale zimenezo zikadamuyeretsa pamaso pa anthu, chifukwa kuulula chinsinsi cha wodwala ndi mlandu weniweni ku bungwe lake. Ajambule zolembazo zisanafufutidwe, azipereke kwa akuluakulu, ndipo wolankhulira chipatala ndiye ayankhe.

Paja amati mlandu suola. Kodi namwino angasumiridwe pa nkhani ya zaka khumi zapitazo?

Pa bwalo la mfumu mwina suoladi, koma ku khoti milandu ina imaola. Lamulo la Limitation Act limapereka zaka 3 zoti munthu asume pofuna chipukuta misozi chifukwa chovulazidwa mosasamala, ngakhale kuti kawerengedwe kake kamasintha ngati wovulalayo ndi mwana kapena wodwala maganizo. Milandu ikuluikulu ya upandu, monga yokhudza imfa, ilibe malire otere. Kwa namwino wonamiziridwa, nkhani yakale ndiyo yovuta kwambiri, poti anzake a pa shifiti adabalalika ndipo mabuku a wodi mwina adadyedwa ndi chiswe m'sitolo. Ena amasunga kabuku kawokawo ka masiku ndi mawodi amene agwira, kopanda maina a odwala, ndipo ndi nzeru yotsika mtengo.

Kodi zonsezi sizikungobisa anamwino amene amalakwadi?

Kulakwa kulipo, ndipo palibe chifukwa chokubisa. Mu 2019 ofesi ya Ombudsman, pansi pa Martha Chizuma, idatulutsa lipoti lokhudza amayi amene adachotsedwa chiberekero m'zipatala za boma chifukwa cha chisamaliro chosakwanira, ndipo idaloza zofooka za antchito pamodzi ndi za unduna. Amayi amene adakalipiridwapo ali pa bedi la matenite safunika lipoti kuti akhulupirire.

Koma dandaulo lolunjika munthu wolakwika limapulumutsa wolakwa weniweni. Namwino wosalakwa akangoonetsa kuti tsikulo anali pa tchuthi, fayilo imatsekedwa ndipo banja lija limatsala manja lende. Choncho wodwala kapena gadiyani ali ndi ufulu wofunsa dzina ndi udindo wa amene akumuthandiza, ndipo ngati waiwala, asapeke: alembe tsiku, nthawi, wodi ndi zimene zidachitika, ofufuza adzapeza dzina m'mabuku. Kuyambira mu 2018 zipatala za boma zili ndi ombudsman wa pa chipatala, amene amalandira madandaulo kwaulere. Nkhani ikalephereka pamenepo imapita kwa mkulu wa zaumoyo ku khonsolo ya boma, ku ofesi ya Ombudsman ku Mzuzu, kapena ku bungwe la anamwino ku Lilongwe. Kabuku ka kuchipatala ka wodwalayo kasungidwe bwino, ndipo popereka dandaulo apereke fotokope, koyambirira kakhale kunyumba.